Ana Asukulu Othandiza Anzawo Olumala

Mwana akakhoza mayeso a Sitandade 8 nasankhidwa kupita kusekondale, mudzi wonse umakondwera. Pakati pa ana osankhidwawo pamakhalanso ena olumala. Ena saona, ena samva, ena amayenda ndi ndodo kapena pa njinga ya olumala, ndipo ena amangoona zinthu zapafupi zokha. Ana otere amalowa m'kalasi imodzi ndi anzawo, amaphunzira maphunziro omwewo, ndipo pamapeto pa Fomu 4 amalemba mayeso a MSCE monga wina aliyense. Kuti afike pamenepo pamafunika aphunzitsi abwino, mabuku ndi zipangizo. Pamafunikanso mnzawo wa m'kalasi wodziwa kuthandiza bwino tsiku ndi tsiku.

Kale ndi lero

Kale ana ambiri olumala sankapita kusukulu. Makolo ena ankawasunga pakhomo poganiza kuti sangaphunzire kanthu, ndipo ena ankawabisa m'nyumba chifukwa cha manyazi. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti kulumala ndi tsoka lodza ndi ufiti kapena kulakwira miyambo. Lero zimene zimalumalitsa munthu n'zodziwika. Ena amabadwa choncho. Ena amasiya kuona chifukwa cha chikuku, ng'ala kapena kuvulala m'maso. Ena amagontha atadwala matenda oumitsa khosi, kapena atatuluka mafinya m'makutu nthawi yaitali osalandira mankhwala. Ena adapuwala miyendo ndi poliyo kapena pa ngozi ya pamsewu. Kulumala kungagwere munthu aliyense, ndipo munthu salumala chifukwa chokhala desiki imodzi kapena kudyera mbale imodzi ndi wolumala.

Sukulu zoyamba za ana osaona m'dziko la Malawi zidatsegulidwa ndi amishoni m'zaka za m'ma 1950, ina ku Chilanga m'boma la Kasungu ndipo ina ku Lulwe m'boma la Nsanje. Pambuyo pake a mpingo wa Katolika adayamba kuphunzitsa ana osamva ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumenenso kuli koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana olumala. Sukulu zina za ana osamva zili ku Mua m'boma la Dedza ndi ku Embangweni m'boma la Mzimba.

Sukulu zoterezi n'zochepa, pamene ana olumala ndi ambiri. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, mmodzi adali ndi vuto la kuona, kumva, kuyenda, kulankhula kapena vuto lina lotere. N'chifukwa chake boma limafuna kuti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzawo m'sukulu wamba. Pa sukulu zina za sekondale pali chipinda chapadera chosungiramo zipangizo za ana olumala, ndipo m'menemo mumakhala mphunzitsi amene adaphunzira ntchito yowathandiza.

Mphunzitsi yekha sakwanira

Kusekondale phunziro lililonse lili ndi mphunzitsi wakewake. Wa masamu akatuluka, amalowa wa sayansi, ndipo wa sayansi akatuluka, amalowa wa Chingerezi. Aliyense ali ndi mphindi 40 zokha, ndipo ana m'kalasimo amakhala ambiri. Mphunzitsi akajambula chithunzi pa bolodi naloza ndi ndodo kuti ana aone, wosaona satolapo kanthu. Akamalankhula atayang'ana ku bolodi, wosamva saona milomo yake ndipo mawuwo amam'dutsa. Mphunzitsi wa m'chipinda chapadera uja naye sangakhale m'makalasi anayi nthawi imodzi.

Mwana akaphonya pang'ono lero, pang'ono mawa, pofika kumapeto a teremu amakhala atatsalira kutali. Ena amagwa mphwayi nasiya sukulu, chonsecho nzeru ali nazo. Munthu amene amakhala pafupi ndi mwana wolumala kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi mnzake wa m'kalasi. Iyeyu wamva zomwe mphunzitsi wanena, waona zomwe zalembedwa pa bolodi, ndipo amalankhula chilankhulo cha msinkhu wawo. Motero aphunzitsi amasankha ana ofatsa ndi oleza mtima kuti azithandiza anzawo olumala pa maphunziro. Ndi bwino kuti othandizawo akhale awiri kapena atatu, azisinthana masiku kapena maphunziro, kuti ntchito isalemere munthu mmodzi. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Kuthandiza wosaona

Mwana wosaona amawerenga ndi zala. Zilembo zake zimatchedwa zilembo za Braille, ndipo ndi timadontho totukuka pa pepala lolimba. Chilembo chilichonse chimapangidwa m'kabokosi ka timadontho 6, titatu kumanzere ndi titatu kumanja. Chilembo a ndi kadontho kamodzi kapamwamba kumanzere. Chilembo b ndi kadontho komweko ndi kena kapansi pake. Posinthasintha timadontho 6 timeneti pamatuluka zizindikiro 63 zosiyanasiyana, zokwanira zilembo zonse, manambala ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Polemba, mwanayo amaboola pepala ndi kachitsulo kosongoka, kuyambira kumanja kupita kumanzere, kenaka amatembenuza pepalalo kuti awerenge. Ena amalemba ndi makina otchedwa Perkins, amene adayamba kupangidwa ku America mu 1951.

Mabuku a zilembo za Braille ndi aakulu ndiponso osowa. Buku limodzi la zilembo wamba likalembedwa mu Braille limasanduka mabuku angapo. Tsono ntchito yoyamba ya wothandiza ndi kuwerengera mnzake mokweza. Amawerenga modekha, natchula mutu wa nkhani, nambala ya tsamba ndi poyambira ndime, ndipo amaima pamene mnzakeyo wanena kuti aime. Akafika pa liwu lachilendo amalitchula chilembo chimodzichimodzi. Mphunzitsi akamalemba pa bolodi, wothandiza amanong'oneza zolembedwazo, mnzakeyo n'kumalemba yekha ndi timadontho take.

Zithunzi ndi mapu zimafuna luso lina. Kunena kuti "apa" kapena "apo" sikuthandiza munthu wosaona. Wothandiza amanena momveka kuti mtsinje wa Shire umatuluka kummwera kwa nyanja ya Malawi, numayenda chakummwera mpaka kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Koposa apo, ana amatha kupanga mapu okhudzika. Amamata mchenga pa katoni kuti ukhale nyanja, chingwe kuti chikhale mtsinje, ndi njere za chimanga kuti zikhale mizinda. Pa masamu amapinda waya kapena kumata timitengo kuti mnzawo akhudze ngodya ndi mizere. Pa sayansi amam'patsa tsamba, muzu kapena duwa lenileni m'manja kuti alifufuze ndi zala.

Poyenda naye, wothandiza sam'koka mkono kapena kum'kankha kumbuyo. Wosaonayo ndiye amagwira mkono wa mnzake pamwamba pa chigongono, natsalira m'mbuyo pang'ono. Wotsogolayo amanena pakakhala dzenje, ngalande kapena masitepe. Akafika pamene pali mnzake wosaona amatchula dzina lake, ndipo akamachoka amatsanzika, kuopa kuti mnzakeyo angapitirize kulankhula ndi mpando wopanda munthu. Katundu wa wosaona sasunthidwa iye osadziwa, chifukwa chinthu chilichonse amachipeza pokumbukira pamene adachiika.

Kuthandiza wosamva

Mwana wosamva amaphunzira ndi maso. Ambiri amalankhula chinenero chamanja. Chinenerochi chili ndi malamulo akeake monga Chichewa kapena Chitumbuka, ndipo chimasiyana dziko ndi dziko. Amalawi osamva ali ndi chawochawo. Mwana wofuna kuthandiza mnzake wosamva amayamba ndi kuphunzira chinenerochi, ndipo mphunzitsi wake amakhala wosamva yemweyo. Amayamba ndi moni, mayina, manambala ndi masiku a sabata, kenaka mawu a m'maphunziro.

Polankhula naye, wothandiza amaima powala, nayang'anana naye maso ndi maso. Satseka pakamwa ndi dzanja ndiponso salankhula akutafuna chakudya. Kukuwa sikuthandiza, chifukwa kumangopotoza milomo. Kuwerenga milomo n'kovuta, pakuti mawu ambiri amaoneka ofanana pakamwa, monga "pala" ndi "bala". Tsono pamene manja ndi milomo zalephera, pepala ndi pensulo zimathandiza. Pofuna kumuitana, amam'khudza pang'ono paphewa kapena kugwedeza dzanja pamene iye angaone. Kum'genda ndi kamwala ndi chipongwe.

M'kalasi, wosamva sangayang'ane mphunzitsi ndi kulemba nthawi imodzi, chifukwa akangoweramira m'kope, zonenedwa zimam'dutsa. Wothandiza amalemba mfundo zonse mooneka bwino, ndipo pa nthawi yowerenga madzulo awiriwo amabwereza phunzirolo pamodzi. Amakumbukiranso kumuuza zimene zalengezedwa pamzere m'mawa, monga tsiku la mayeso kapena kusintha kwa nthawi ya maphunziro. Belu likalira, amam'dziwitsa.

Kuthandiza ena

Ana a khungu lachialubino kawirikawiri saona bwino zapatali, ndipo kuwala kwa dzuwa kumawapweteka maso ndi khungu. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu otere oposa 134,000 m'dziko muno. Mwana wachialubino amafunika kukhala kutsogolo, kutali ndi windo lolowetsa dzuwa. Mnzake amam'bwereka kope lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu za inki yakuda, ndipo powerenga panja amasankha pamthunzi.

Mwana woyenda pa njinga ya olumala kapena ndi ndodo amachedwa posintha kalasi, makamaka nyengo ya mvula pamene njira zili matope okhaokha. Anzake amam'nyamulira mabuku ndi kum'sungira malo pafupi ndi khomo. Njingayo ili ngati miyendo yake, kotero munthu saikankha kapena kuitsamira mwini wake asadavomere. Palinso ana amene amagwira zinthu mochedwa. Otere amathandizidwa pogawa ntchito m'tizigawo ting'onoting'ono, kubwereza kangapo, ndi kugwiritsa ntchito zinthu zooneka monga timiyala ndi zitsekerero za mabotolo.

Thandizo lowononga

Si thandizo lililonse limene lili labwino. Ana ena, pomva chisoni, amam'chitira mnzawo wolumala masamu onse, kapena kumuuza mayankho kuti angolemba. Mphunzitsi akaona kope lokhoza bwino amayesa kuti mwanayo wamva, napitirira ku mutu wina. Koma tsiku la mayeso aliyense amakhala payekha. Bungwe loona za mayeso la MANEB limakonza mapepala a zilembo za Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, koma mayankho ayenera kuchokera m'mutu mwa wolembayo. Amene adazolowera kuchitiridwa zonse amagwira njakata tsiku limenelo, ndipo zaka zinayi zimapita pachabe.

Wothandiza wabwino amayamba wafunsa ngati mnzake akufuna thandizo, ndiponso thandizo lotani. Akakanidwa sakwiya, chifukwa pali zambiri zimene munthu wolumala amachita yekha bwinobwino. Akafotokoza phunziro, amapempha mnzakeyo kuti alifotokozenso m'mawu akeake, ndipo pamenepo amadziwa ngati lamveka. Samuyankhira mafunso amene mphunzitsi wafunsa iye. Samutcha mayina onena za kulumala kwake, koma amamuitana ndi dzina lake. Saulula zinsinsi za mnzake ndiponso sadzitama pagulu kuti popanda iye mnzakeyo sangakhoze. Phunziro likawakanika onse awiri, amapita kwa aphunzitsi, kuopa kuphunzitsana zolakwa.

Onse awiri amapindula

Wothandiza mnzake sataya nthawi pachabe. Munthu sangafotokoze chinthu chimene iye mwini sadachimvetse. Amene wawerengera mnzake mutu wonse mokweza, naumba mapu ndi manja ake, nayankha mafunso a mnzakeyo, wabwereza phunzirolo katatu, ndipo saliiwala msanga. Amaphunziranso kulankhula momveka, kuleza mtima ndi kusunga nthawi.

Thandizoli limayendanso mbali zonse ziwiri. Mwana wosaona angakhale katswiri wa Chingerezi kapena mbiri yakale, ndipo amene amamuwerengera mabuku amadzakhala wophunzira wake pa maphunziro amenewo. Mwana wosamva angapose kalasi yonse pa masamu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Mnyamata amene adaphunzitsa anzake

Zilembo za Braille zomwe zija zidayamba ndi mwana wasukulu, ndipo zidafala chifukwa cha ana ophunzitsana. Louis Braille adabadwa pa 4 Januwale 1809 m'mudzi wa Coupvray m'dziko la France. Atate ake ankasoka zikopa zomangira akavalo. Ali ndi zaka 3, Louis adadzibaya m'diso ndi chitsulo chosongoka cha atate akewo. Matenda adalowa m'diso linalo, ndipo posakhalitsa adasiya kuona. Ngakhale zidali choncho, iye adayamba sukulu ya m'mudzimo pamodzi ndi ana oona, naphunzira pomvetsera.

Mu 1819, ali ndi zaka 10, adapita ku sukulu ya ana osaona mumzinda wa Paris. Mabuku a kumeneko adali ochepa ndi olemera. Zilembo zake zidali zilembo wamba zikuluzikulu zotukuka, zimene ana ankaziwerenga movutikira. Mu 1821 anawo adasonyezedwa njira ina yolembera ndi timadontho, imene adakonza Charles Barbier. Njirayi idali ndi timadontho tofika 12 pa chizindikiro chimodzi, ndipo nsonga ya chala sinkatha kutikhudza tonse nthawi imodzi. Louis adakhala akuyesayesa mpaka adachepetsa timadonthoto kukhala 6. Pofika mu 1824, ali ndi zaka 15 zokha, adali atakonza zilembo zake.

Oyamba kuphunzira zilembozo adali anzake a pasukulupo. Iwo adazikonda chifukwa tsopano ankatha kulemba okha ndi kuwerenga zimene alemba. Mu 1829 Louis adasindikiza buku lofotokoza njira yakeyo, ndipo adakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo. Koma mu 1840 pasukulupo padabwera mkulu wina amene sadazifune zilembozo, ndipo adaziletsa. Ana sadazitaye. Adapitiriza kulemba mobisa, akuluakulu naphunzitsa ang'onoang'ono. Patapita zaka zingapo mkuluyo adasintha maganizo. Louis Braille adamwalira mu 1852, ndipo mu 1854 zilembo zake zidavomerezedwa ndi akuluakulu a sukuluyo. Lero zimagwiritsidwa ntchito m'zinenero zambiri za pa dziko lapansi, kuphatikizapo Chichewa, ndipo tsiku la 4 Januwale chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira zilembo za Braille.

M'mera mpoyamba

Kuthandizana pa maphunziro sikudikira kuti munthu afike kusekondale. M'makalasi ambiri a pulayimale muli mwana amene amatsinzina poyang'ana pa bolodi, amene amapendeketsa mutu kuti amve aphunzitsi, kapena amene amafika mochedwa chifukwa cha mwendo. Mwana wa Sitandade 5 angathe kum'patsa malo kutsogolo, kumuwerengera ndime, kum'bwereka kope, ndi kudziwitsa aphunzitsi za vutolo. Amene wazolowera zimenezi ali wamng'ono sadzavutika kuzichita akadzafika Fomu 1, ndipo mnzakeyo adzakhala ndi mwayi wofika naye kumeneko.

Mawu ofunika kuwadziwa

kusula: kuphunzitsa munthu ntchito mpaka aidziwe bwino
kalembera: kuwerenga anthu onse a m'dziko
kutukuka: kukwera pamwamba pang'ono mwakuti chala n'kukhudza
kugwa mphwayi: kutaya mtima wofuna kupitiriza ntchito
kugwira njakata: kusowa chochita

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zingachititse munthu kusiya kuona.
2. Kodi sukulu zoyamba za ana osaona m'Malawi zidatsegulidwa m'maboma ati?
3. N'chifukwa chiyani mphunzitsi yekha sakwanira kuthandiza mwana wolumala?
4. Fotokozani mmene ana angapangire mapu oti mnzawo wosaona awerenge.
5. N'chifukwa chiyani kukuwa sikuthandiza polankhula ndi munthu wosamva?
6. Kodi kuipa kochitira mnzako ntchito yonse ya kusukulu n'kotani?
7. Kodi Louis Braille adali ndi zaka zingati pamene adakonza zilembo zake?
8. Nanga ana a sukulu ya ku Paris adachita chiyani zilembozo zitaletsedwa?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mawu awa: modekha, chigongono, chipongwe, katswiri, mobisa.
(b) Perekani tanthauzo la mwambi wakuti "Chala chimodzi sichiswa nsabwe", ndipo tchulani mwambi wina wofanana nawo.
(c) Khalani awiriawiri. Wina afotokozere mnzake njira yochokera pakhomo la kalasi kukafika ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, osaloza ndi chala ndiponso osanena kuti "apa" kapena "apo".